Mipeni Yanga ndi Amisiri Amene Anaisula

Pa zipangizo zonse za pamudzi palibe china chimene tichigwira kawirikawiri, ndi kuchiyamika pang'ono, monga mpeni. Khasu lili ndi nyengo yake, ndipo dzinja likatha tilipachika. Nkhwangwa tiikumbuka chisanu chikafika, monga anenera akulu m'mwambi wao. Koma mpeni sudziwa dzinja kapena malimwe. Mmawa amai asenda nao mbatata, masana abambo apala nao nsungwi za lichero, madzulo mnyamata adula nao nzimbe, ndipo tsiku la ukwati ndi tsiku la maliro lomwe ndiwo usenda mbuzi. Koma mukafunsa mwini wake kuti, Anausula ndani? ambiri angoti, Ndinaugula pamsika. Tsono ndifuna kukamba nanu, abale anga owerenga, za mipeni imene ndasonkhanitsa ndi za anthu amene anaisula, pakuti mbiri yao ili pafupi kuzimirira, ndipo ife a msinkhu wanga ndife otsiriza amene tinaona ena a iwo ndi maso.

M'bokosi lamatabwa m'nyumba mwanga muli mipeni 17. Ina ndi cholowa cha kwathu, ina ndinasintha ndi mipeni ya m'sitoro, ndipo ina anandipatsa akazi amasiye a amisiri eni ake. Uliwonse ndaumangira kansalu kolembapo nambala, ndipo m'kabuku ndalemba dzina la wosula, mudzi wake, chitsulo chimene anasulira, ndi ntchito imene mpeniwo unagwira. Maina ao onse ali m'kabukumo. Muno ndiwatchula ndi ntchito zao, monga tichitira pamudzi. Aphunzitsi anzanga aseka nanena, Kodi aphunzitsi mukonzekera nkhondo? Amai a kunyumba naonso adandaula kuti mipeni 17 ili gone m'bokosi pamene iwo abudula ndiwo ndi umodzi wobuntha. Ine ndingoseka nao, pakuti chimene ndisunga m'bokosimo ndi chikumbutso cha manja a anthu.

Poyamba tikumbutsane kuti kusula sikunabwere ndi Azungu. Anthu ofukula zakale anapeza zitsulo ndi zotsalira za kuyenga pa Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndi pa phiri la Phopo kufupi ndi Rumphi. Ndipo atayesa bwino anaona kuti anthu anali kuyenga chitsulo m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Makolo athu Amaravi anatchuka ndi makasu ao, amene anafika ku Tete natsika ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo khasu linali ngati ndalama yogulira zinthu. Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kunka kwa Kazembe, nalemba za kuyenga ndi kusula kwao. David Livingstone pokwera mapiri a ku Shire mu 1859 anapeza Amang'anja ali ndi ng'anjo, ootcha makala ndi osula m'midzi yao, alikupanga nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zigwinjiri. Ndipo m'buku lake la 1857 asimba kuti anatenga makasu osulidwa ndi anthu akuda, ena a ku Quelimane, nanka nao kwao, ndi kuti bwenzi lake la ku Birmingham linapanga mfuti ndi chitsulo chimenecho. Chotero pamene ndinena za amisiri athu, ndinena za ntchito imene alendo omwe anaichitira umboni.

Mpeni woyamba m'kabuku kanga unali wa ambuye ao a mai anga, a ku Kasungu. Uli wakuthwa konsekonse, wooneka ngati tsamba la nsungwi, ndipo chimake chake ndi timatabwa tiwiri tosemedwa bwino ndi kumangidwa ndi chikopa, kuti munthu aumangirire m'chiuno. Mukauyang'ana padzuwa muona timizere takuda m'chitsulo chake. Timeneto ndi zotsalira za mwala zimene nyundo sinathe kuzitulutsa zonse, ndipo ndicho chizindikiro chakuti chitsulochi chinabadwira m'ng'anjo. Chili chofewa: sichichedwa kuthwa pa mwala wonolera, sichichedwanso kubuntha, ndipo mukachikakamiza chipindika osathyoka. Mpeni umenewu unasulidwa ndi munthu amene anakumba yekha mwala wake, naotcha yekha makala ake.

Agogo anga aamuna, amene pa unyamata wao anasenzera makala anthu oyenga, anandisimbira m'mene ntchitoyo inayendera. Inali ya m'malimwe, anthu atatha kukolola. Amuna anatuluka m'mudzi namanga msasa kuthengo, naumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, yaitali kuposa munthu. Ena anagwetsa mitengo yolimba, makamaka muwanga, naotcha makala. Ena anakumba miyala yofiira ya chitsulo naiphwanya. Kunsi kwa ng'anjo anaika zitoliro zadothi zambiri, ndipo ng'anjo yaikuluyo sinafune mvukuto, pakuti chifukwa cha kutalika kwake inakoka mphepo yokha. Anathira makala ndi miyala mosinthanasinthana, nayatsa moto, naudikira usana ndi usiku masiku angapo. Zimene zinatuluka anazisankha, naziyenganso m'kang'anjo kakang'ono ka mvukuto, mpaka panaoneka chibuluma cha chitsulo chabowobowo ngati chisa cha njuchi. Chimenecho wosula anachiika pamoto nachipanda ndi mwala waukulu, kawiri, katatu, kakhumi, kufikira chitagwirana. Agogo anati pa ntchito yonseyi ya anthu ambiri panatuluka makasu owerengeka okha, ndipo tizidutswa totsala ndito anasulira mipeni, malumo ndi mivi, sipanatayike kanthu.

Ife a sukulu tidziwa tsopano chimene chinali kuchitika m'kati mwa ng'anjomo. Mwala wofiira uja ndiwo chitsulo chogwirana ndi mpweya, monga dzimbiri. Ndipo mpweya wotuluka m'makala oyaka ulanda mpweya wa m'mwalawo, nusiya chitsulo chokha. Moto wa ng'anjo unafika pa madigiri ngati 1,200, okwanira kusungunula dothi la m'mwala kuti litsike pansi, koma osakwanira kusungunula chitsulo, chimene chifuna madigiri 1,538. N'chifukwa chake chinatuluka chibuluma, osati madzi. Taonani, anthu osadziwa kuwerenga, opanda chipangizo choyesera kutentha, anadziwa kusunga moto pa muyeso wake masiku angapo, poyang'ana malawi ndi kumvera kulira kwa ng'anjo.

Sindibisa kuti pa ntchitoyi panali miyambo imene ife Akhristu tinaisiya. Oyenga anakwirira mankhwala pansi pa ng'anjo, anapempha kwa mizimu, anadika osayandikira akazi ao kufikira ntchito itatha, ndipo akazi sanaloledwe kufika pamsasa. Chitsulo chikakanika, anafunafuna munthu amene anaswa mwambo. Sindifuna kuti tibwerere kumeneko, pakuti chotulutsa chitsulo chinali makala abwino, mwala wabwino ndi mphepo yokwanira. Koma potaya mankhwala tisataye ndi nzeru yomwe. Buku la Genesis litchula Tubali-Kaini monga wosula mkuwa ndi chitsulo, ndipo buku la Eksodo lisimba za Bezaleli, amene Mulungu anampatsa luso la ntchito za manja. Amene anapatsa iwo luso ndi yemweyo anapatsa makolo athu, angakhale iwo sanamdziwe bwino Wopatsayo.

Moto wa ng'anjo unazima chifukwa chitsulo cha kunja chinatsika mtengo. Kampani ya Mandala, imene inayamba mu 1878, ndi masitoro a Amwenye anadzaza dziko ndi makasu ndi mipeni ya kunja. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, magalimoto anatsata, ndipo pamodzi nazo panabwera zitsulo zakutha zimene wosula anangotola. Amuna amphamvu amene akadagwetsa muwanga anali kunka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho. Cha m'ma 1930 ku Kasungu kuyenga kunali kutha. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 anthu ophunzira awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anapempha okalamba a kwa Chulu ku Kasungu, ndi a mtundu wa Aphoka kufupi ndi Livingstonia, kuti amangenso ng'anjo ndi kuyenga monga kale, ndipo analemba zimene anaona mu 1987. Ng'anjo zina zakale zikali chilili m'nkhalango ya zinyama ya Kasungu. Mphunzitsi amene angathe atengere ana ake kumeneko.

Mpeni wachiwiri si wa kwathu, koma uli m'bokosi chifukwa unabala mwana kwathu. Ndiwo wopinda, wa m'thumba, umene atate anga anabwera nao pochokera ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Dzina lake ndi Okapi, ndipo pachitsulo pake pali chithunzi cha nyama ya dzina lomwelo. Mipeni imeneyi inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, kuti igulitsidwe kuno ku Africa, ndipo mu 1988 ntchito yoipanga inasamukira ku South Africa. Kumsana kwake kuli kachitsulo kamene kagwira mpeni ukatseguka, ndi kamphete kokoka pofuna kuupinda. Mbiri yake m'matauni inaipa chifukwa cha anyamata a ndeu pamowa. Koma wa atate unangodziwa nzimbe, luzi ndi zikhadabo. Masiku aja mwamuna wobwera ku Joni akautulutsa pabwalo naukhethemula, ana tonse tinasiya masewera.

M'mudzi woyandikana ndi wathu munali wosula wa dzanja lamanzere, malume wa bwenzi langa la kusukulu. Chipala chake chinali pansi pa mkuyu: kagrafu kaudzu, mvukuto wa chikopa cha mbuzi, mbaniro, nyundo ziwiri, ndi chidutswa cha njanji chosulirapo. Atate ake anali woyenga, koma iye anakula ng'anjo zitazima, nasula ndi masipuling'i a galimoto, matupa akutha ndi masowo othyoka. Tsiku lina anabwera kwa atate nati, Achimwene, mundibwereke mpeni wanu wa ku Joni usiku umodzi. Atate anakayika, pakuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma anampatsa. Mmawa anaubweza uli bwino lomwe. Patapita milungu iwiri anaonetsa pabwalo mpeni wopinda wa manja ake, ndiwo wachitatu m'kabuku kanga.

Nzeru yake ili apa, kuti sanatsanzire zonse. Anaona kuti kachitsulo ka kumsana kafuna zipangizo zimene iye analibe, ndipo anakasiya. M'malo mwake anasiya kamchira kumbuyo kwa mpeni, kamene kagona pa chikumbu mpeni ukatseguka, kotero kuti chala chachikulu cha mwini chikapsinja ndi kuuletsa kupindika. Chikumbu anasema ndi nyanga ya ng'ombe, nachicheka mpata wogonamo mpeni. Polumikizira anaika msomali, naupanda mitu mbali zonse ziwiri pa tizitsulo tozungulira. Msomali ukamasuka, mwini angoupanda pamwala kawiri, ndipo mpeni ulimbanso. Palibe kanthu pa mpeni umenewu kamene munthu wa kumudzi sangathe kukonza yekha. Patsogolo pake ndinawerenga kuti amisiri a ku Ulaya anapanga mipeni ya mtundu womwewu zaka mazana zapitazo. Iye anaipeza nzeruyo yekha pansi pa mkuyu.

Ine ndi bwenzi langa tinali ovukuta ake pa Loweruka, ndipo malipiro athu anali kuonerera. Kusula anachita masana, koma kulimbitsa chitsulo anadikira madzulo, dzuwa litapendeka, kuti aone bwino maonekedwe ake. Anati kwa ife, Ana inu, vukutani pang'onopang'ono, musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpeni ukafiira mofanana kuyambira kunsonga kufikira kutsinde, anauviika m'madzi msanga. Pamenepo unali wolimba koma wosachedwa kusweka, monga galasi. Tsono anaupala pamwala kuti uyere, naufunditsa pang'ono pamwamba pa makala, alikuyang'anitsitsa. Ndipo pamene mtundu wa udzu wouma unafika kukamwa kwake, anauviikanso. Ukapitirira nufika pa mtundu wobiriwira ngati thambo, anadziwa kuti wafewa koposa, nayambanso. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo cha tupa ndi cha sipuling'i chili ndi kaboni, ndiyo mbali ya makala yolowa m'chitsulo. Chotere chilimba chikazizira mwadzidzidzi, ndipo kufunditsa kwachiwiri kuchotsa kukhadzuka kwake. Mau akuti kaboni iye sanawamvepo, koma pomenya chitsulo ndi kumvera kulira kwake anadziwa ngati chiyenera mpeni kapena chingoyenera mbaula. Potsiriza anameta ubweya wa pamkono pake. Ukakana kumeta, mpeniwo sunachoke pachipala.

Malipiro ake anali nkhuku, dengu la chimanga, kapena tsiku limodzi la kulima m'munda mwake. Anali mkulu wa mpingo, ndipo kukonza makasu a akazi amasiye anayesa chopereka chake, osalandira kanthu. Ana ake aamuna anaphunzira sukulu nanka kutauni, monga ife tonse tinafunira ana athu. Adzukulu ake anayesa kusula ntchito ya anthu osauka. Atamwalira, mvukuto unadyedwa ndi chiswe, ndipo chidutswa cha njanji chija anagula ogula zitsulo zakutha. Pamene ndinapita kukapepesa maliro, mkazi wake anatulutsa mpeni wa nyanga uja m'kansalu nati, Aphunzitsi, inu munali kumvukutira. Tengani, kuno ana angautaye. Lero pa mkuyu paja pali munda wa fodya, ndipo ana a m'mudzimo sadziwa kuti panali chipala.

Ina yotsalayo ndingoitchula mwachidule. Pali kampeni ka woluka malichero, kamene kanoledwa zaka zambiri kotero kuti katsala kopyapyala ngati singano ya mphasa. Pali mpeni wa ndiwo umene wosula wina wa ku Dowa anaudula pa khasu lakutha, wopanda chikumbu, wongokulungidwa ndi mphira. Pali wa msodzi wa ku Nkhotakota, wopindika nsonga, wotumbulira nsomba. Pali lumo la azamba akale, limene linameta anthu pa maliro ndi kudula michombo ya makanda. Ndipo ndikalionetsa ana a sukulu ndiwauza poyera kuti chitsulo chosaphikidwa chinabweretsa kafumbata, ndi kuti tichita bwino lero kukabadwitsira ana kuchipatala. Pali umodzi watsopano, wa mnyamata wa pamsika wa Kasungu, amene apemerera moto wake ndi gudumu la njinga m'malo mwa chikopa cha mbuzi. Ameneyu anadabwa pamene ndinamfunsa dzina lake kuti ndilembe, nati chiyambire palibe wogula anamfunsapo.

Apa ndipo pali chimene chindiwawa mtima. Tengani mpeni wakale wa ku Sheffield, monga wa Joseph Rodgers: pali dzina, pali mudzi, pali chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda. Munthu akautola patapita zaka 100 adziwa kumene unachokera, ndipo kwao kuli anthu amene asonkhanitsa mipeni yotere nalemba mabuku a amisiri ao. Amisiri athu sanalembe kanthu pa zitsulo zao, pakuti panalibe chifukwa: mudzi wonse unadziwa dzanja la yense, ndipo munthu pongoona kupindika kwa nsonga anatha kunena mwini ntchito. Dzina linasungidwa m'kamwa mwa anthu. Tsono pamene okalamba afa, mpeni utsala wosalankhula, ndipo mdzukulu auyesa chitsulo chadzimbiri nausintha ndi mbale ya pulasitiki. Mwana wokula osadziwa kuti agogo ake anatulutsa chitsulo m'mwala akhulupirira msanga kuti zabwino zonse zichokera kutsidya kwa nyanja, ndipo munthu wokhulupirira zotere manja ake alefuka asanayese kanthu. Ndaziona m'kalasi zaka zambiri. Koma ndikaika mpeni wa ng'anjo patebulo ndi kunena kuti, Uwu unapangidwa ndi munthu wa kwathu kuno, ndi dothi la kwathu kuno, ana akhala chete, ndipo amene sayankha masiku onse ndiwo ayamba kufunsa.

Chifukwa chake ndikupemphani zinthu zitatu, abale anga. Choyamba, ngati m'nyumba mwanu muli mpeni, nsompho, kasemasema kapena khasu losulidwa pamudzi, pitani nalo kwa okalamba akali moyo, mufunse wosula wake, mulembe dzinalo papepala ndi kulisunga pamodzi ndi chitsulocho. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo lomwe liuma. Chachiwiri, musachipale ndi mchenga kuti chiwale, pakuti mufafaniza mapazi a nyundo. Chipukuteni ndi kansalu ka mafuta pang'ono, ndi kuchisunga pouma. Mukalephera kuchisunga, chiperekeni kusukulu ya kwanu kapena kunyumba yosungira zakale, monga ya ku Chichiri ku Blantyre, osati kwa ogula zitsulo. Chachitatu, kumbukirani amisiri amene akali ndi moyo. Gulani kwa iwo, muwalipire mtengo woyenera osawanyengerera mpaka alire, muwapemphe adinde chizindikiro chao pa ntchito yao, ndipo mwana amene manja ake ali ochenjera musamletse kukakhala pachipala ataweruka kusukulu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ine ndapangana ndi akulu a mpingo ndi a sukulu kuti tsiku limene ndidzapuma ntchito, bokosi ndi kabuku zidzatsala m'kabati ya sukulu, ndipo m'kabukumo ndasiya masamba ambiri osalemba. Wina wa inu akadziwa wosula wa kwao, wamoyo kapena wogona, alembere kwa mkonzi wa nyuzi ino, atchule mudzi ndi zimene anasula, ndipo mkonzi adzanditumizira kalatayo kuti dzinalo lilowe pamodzi ndi anzake. Mulungu adalitse manja onse ogwira ntchito moona.

Ine wanu mu utumiki,
Mphunzitsi wa pa Mishoni